Mutu wa Dainoso

Mtendere, Lusaka
15 Ogasiti 1994

Amake Chiyanjano,

Muli bwanji kumeneko ku Jumbe? Nanga mwana wathu, chifuwa chija chinamusiya? Ine kuno ndili bwino, kungoti mphepo ya Lusaka ndi yankhanza, fumbi mpaka m'mano. Mupereke moni kwa amayi ndi kwa alamu anga a Onesmus.

Khalani pansi kaye, Rosemary: ntchito ndaipeza. Miyezi isanu ndakhala ndikuzungulira m'mahotela ndi kalata yanga ija ya ku loji ya ku Mfuwe, aliyense akungoti bwerani mawa, mpaka nsapato zinayasama. Tsopano ndaipeza, koma musaseke.

Kuno ana apenga ndi zinyama zotchedwa madainoso. Akuti zinalipo kalekale, zinatha zonse, kunangotsala mafupa. Maonekedwe ake ndi a ng'azi, koma ng'azi yoti njovu ya ku Luangwa ingabisale dzuwa m'munsi mwake. Ndiye bwana wina wamasitolo wamanga bwalo la ana, waumbitsa madainoso asanu a simenti, waika akatungwe ndi pogulitsira ayisikilimu. Loweruka ndi Lamlungu masana mabanja amabwera ndi magalimoto, ana atawasambitsa ngati akupita ku ukwati. Vuto linali loti a simentiwo sayenda. Bwana anaitanitsa chovala cha siponji kuchokera ku Joni, chobiriwira, cha mchira wautali, mutu wake ngati dengu. Chimafuna munthu wamtali, wosapsa mtima msanga. Ndani winanso, si amuna anu?

Malamulo ndi awiri okha. Ukavala sulankhula, ngakhale mwana akuponde mchira. Ndipo mutu suvula pamaso pa ana. Kuvala ndi kuvula n'kuseri m'kachipinda, popanda wokuona. Bwana akuti mwana akangodziwa kuti m'katimo muli munthu, Loweruka linalo sabweranso. Amene analipo ine ndisanabwere anavula mutu kuti amwe madzi, tsiku lomwelo anamulozera geti.

M'katimo mumatentha ngati mu uvuni wa njerwa, ndipo ndimaonera pa kaukonde ka m'kamwa. Koma ana ake, mayi! Amandikumbatira miyendo, ena amandiika maswiti m'mano. Ndikaona tiatsikana tamsinkhu wa Chiyanjano titanyamula ayisikilimu mtima umandiwawa, kuti wanga zaka zisanu ndi chimodzi sanalawepo. Sukulu zikatsekera mu Disembala mubwere naye, adzakwere katungwe mpaka atope.

Ndaikamo chithunzi. Wobiriwirayo ndine. Mumuonetse mwana, ndipo mumufinye dzanja katatu monga ndimachitira tikamapita ku tchalitchi, adziwa kuti moniyo wachokera kwa atate ake.

Ndine amuna anu,
Maybin


Jumbe
6 Sepitembala 1994

Atate ake a Chiyanjano,

Moni. Ife tili moyo. Chifuwa cha mwana chinatha. Chitsime chauma, tikukumba mumchenga wa kumtsinje, ndipo njovu zinagwetsa nkhokwe ya a Gladys, oyandikana nafe aja. Amayi miyendo ikuwavutabe.

Za ntchito ndakondwa, sindinama. Koma inu abambo, nzeru munaziiwala m'basi? Mukudziwa bwino kuti makalata a mudzi uno amafikira m'thumba la tchalitchi, ndipo thumbalo amatsegula ndi alongo anga a Onesmus, poti ndi mlembi wa mpingo. Akuti envulopu inali yong'ambika pakona, chithunzi chinangogwa chokha. Ine ndinachiona wachitatu, abusa atachiona kale.

Lamlungu a Onesmus anabwera kuno, madzi akumwa anakana, n'kundiuza kuti ndiwerenge kalata yanu mokweza. Nditafika pa malamulo anu awiri aja anati ndilekere pomwepo. Anati munthu wolowa m'chinyama, wosalankhula, wovalira kobisika kuti ana asadziwe amene ali m'kati, dzina lake ndi limodzi basi, ndipo kwanu ku Chadiza mukulidziwa. Anandikumbutsa kuti pamene munkandifunsira, abale anga ankakana chifukwa munali wa gule, ndipo munaima pamaso pa mpingo n'kulumbira kuti zimenezo mwazisiya. Akuti anandipereka kwa inu chifukwa cha lumbiro limenelo, osati chifukwa cha kutalika kwanu. Tsopano akuti mwabwerera, kusiyana kwake n'koti gule wa ku Lusaka amalipira pamwezi.

Ndinawayankha kuti ndi siponji chabe, choseweretsa ana a anthu olemera. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. Mukuwadziwa alamu anu, akagwira chinthu sataya. Ndipo musaiwale kuti mwini mbumba pano ndi iwo. Munda ndi wa kwathu, nyumba ili pamalo a amayi, ndipo pa mwana mawu awo ndi olemera kuposa anu ndi anga.

Chitani chinthu chimodzi. Jambulitsani chithunzi china mutavala chinthucho koma mutu mutaunyamula m'khwapa, nkhope yanu ikuoneka, masana, pali anthu. Akaona kuti palibe chobisa, nkhani itha. Makalata muzilembera pa dzina la a Gladys ku sukulu, amuna awo ndi aphunzitsi.

Chithunzi chija a Onesmus anachitenga. Chiyanjano anachiona kamodzi kokha, n'kufunsa ngati chinyamacho chinakumezani. Ndinamufinya katatu, anaseka. Nsapato alibe, mukapeza mutumize.

Ndine,
Rosemary


Mtendere, Lusaka
27 Sepitembala 1994

Amake Chiyanjano,

Mwaswera bwanji? Kalata yanu ndinaiwerenga, poyamba ndinaseka, kenako chakudya chinandikanika.

Gule ndikumudziwa, ndinakuliramo, ndipo ndinamusiya ndi mtima wanga wonse chifukwa cha inu. Uyu si iye. Kuno kulibe ng'oma, kulibe maliro, kulibe mizimu. Kuli kaseti ya nyimbo za ana imene imadya tepi, ndi amayi onenepa ofuna kuti ndigwedeze mchira ajambule. A kwathu ku Chadiza atamva kuti chisiponji ichi mukuchitcha gule akhoza kukwiya kuposa alamu anga. Kodi a Onesmus anayamba agonapo ndi njala mu Lusaka? Ntchito ya kuloji itatha anandipezera ina?

Za chithunzi ndayesa. Chovalacho amachikiyira m'kachipinda, kiyi amasunga mkazi wa bwana. Wojambula wa pabwalopa wakana, akuti nayenso ali ndi ana odyetsa. Ndinalimba mtima n'kukauza bwana nkhani yonse. Anaseka mpaka misozi, anaitana mkazi wake kuti ndibwerezenso, atatha kuseka anati ayi. Anandionetsa pageti, pamene m'mawa uliwonse pamaima amuna khumi ofuna ntchito, ena aatali kuposa ine.

Ndipatseni nthawi. Pofika Khirisimasi bwana akhala atandizolowera, ndipemphanso. Nsapato ndapatsira kondakitala wa basi ya ku Chipata, zoyera, zazikulu pang'ono kuti akuliremo. Muziikamo mapepala kutsogolo.

Amuna anu,
Maybin


Jumbe
20 Okutobala 1994

Kwa a Maybin,

Ndikupereka moni m'dzina la Ambuye. Pakhomo pano tonse tili bwino mwa chisomo chake.

Ndikulemba monga mlongo wamkulu wa Rosemary ndiponso monga mkulu wa mpingo umene unakubatizani. Sindikulemba mwa chidani. Tsiku la ukwati wanu ndinanyamula ndine mipando.

Mafunso anga ndi atatu. Kodi mukavala chinyamacho mumayankha munthu akakuitanani dzina lanu la ubatizo? Kodi mumavalira poyera kapena kobisika? Kodi mwana atakufunsani kuti m'katimo muli ndani, mungamuuze zoona? Mayankho ake ndawaona kale m'kalata yanu, koma ndikufuna muwalembe ndi dzanja lanu.

Mlongo wanga akuti ndi masewera a m'tauni. Mwina. Ine ku Lusaka ndinafikako kawiri kokha ndipo sindidziwa zonse. Koma ndikudziwa kuti munalumbira kuti simudzabisanso nkhope yanu m'chinyama, ndipo simunanene kuti kupatula chinyama cha siponji.

Siyani ntchitoyo, bwerani mudzalime. Chaka chino mvula akuti ibwera msanga. Mukakana, nkhaniyi ndiitengera kwa ankhoswe, chifukwa mwana wa mlongo wanga sangaleredwe ndi munthu wa nkhope ziwiri.

Ine,
Onesmus


Jumbe
28 Novembala 1994

Atate ake a Chiyanjano,

Moni. Ndikulemba mothamanga, a Gideon a lole akunyamuka kupita ku Chipata ndipo alonjeza kuiponya ku positi lero lomwe.

Bwanji simunawayankhe alamu anu? Mwezi wathunthu akhala akutsegula thumba lija n'kumalikutumula. Kukhala chete kwanu akuti ndiye yankho. Ine ndikudziwa kuti mukudikira chithunzi, koma iwo sakudziwa, ndipo ine pakamwa patopa.

Tsono mverani. A Onesmus akupita ku Lusaka ku msonkhano wa mpingo, ndipo akumutenga Chiyanjano, poti munalonjeza mwana kuti adzaona zinyamazo. Ine andikaniza, akuti nditsale ndi amayi. Loweruka pa 10 Disembala adzafika pabwalo panupo. Anena pamaso pa ankhoswe kuti adzakuitanani dzina, ndipo mukadzavula mutu n'kupereka moni kwa mwana wanu, iwo adzapepesa ndipo nkhani idzathera pomwepo. Alongo anga ndi ouma mutu koma sanama.

Anandiletsa kukuuzani. Ndikukuuzani. Vulani mutuwo, Maybin. Ntchito ikatha ithe, tidzadya ndiwo za mphangwe ndi mango, sitinafe mu chilala chija. Ndakugwirani mwendo.

Mvula yayamba mwamphamvu. Nsapato zinafika, mwana amagona nazo.

Rosemary


Mtendere, Lusaka
12 Disembala 1994

Amake Chiyanjano,

Moni ndipereka chifukwa ndi mwambo, koma mtima wanga suli bwino. Ndikufunseni: munadziwa? Munamusambitsa mwana wanga, n'kumuveka diresi, n'kumupereka kuti akhale nyambo yondikolera ine, osandilembera ngakhale mzere umodzi?

Loweruka linali tsiku loipa kuposa onse. Bwana wina wamkulu anabweretsa ana makumi anayi ku phwando la tsiku lobadwa la mwana wake, ndipo bwana wanga anaima pambali panga tsiku lonse ngati wapolisi. Cha m'ma 15 koloko, ndikuyang'ana pa kaukonde kaja, ndinaona nsapato zoyera, zazikulu, zikukhwepa. Ndinazidziwa nsapatozo ndisanaone nkhope. Wakula, mayi. Mano awiri akutsogolo achoka ndipo palibe anandiuza.

A Onesmus anali atavala jekete lawo lakuda, thukuta lili kamukamu. Anadutsa pakati pa anawo osaponda aliyense, anafika pafupi, n'kulankhulira m'kamwa mwa chinyamacho:

"Maybin, ngati ndinu, vulani mutuwo mupereke moni kwa mwana wanu."

Ananena katatu, mosakweza mawu. Bwana wanga anali pomwepo, akumwetulira, akuganiza kuti ndi kasitomala wanthabwala. Ana makumi anayi atandizungulira. Ine m'mutu ndinkawerenga kuti titseka 17 koloko, maola awiri okha, ndikavula ndidzawapeza, ndidzamugulira mwana ayisikilimu, ndidzamukweza katungwe, alamu anga ndidzawalowetsa m'kachipinda aone okha siponji ndi zipi. Ndinayesa kuwalozera benchi kuti adikire. Ndinayesa kuimika zala ziwiri, koma chovalacho chili ndi zikhadabo zitatu zosokerera pamodzi. Anawo anaganiza kuti ndikuvina, anayamba kuwomba m'manja.

Chiyanjano anabisala kumbuyo kwa amalume ake. Ndinagwada, chinthu chovuta ndi mchira umenewo, n'kutambasula dzanja. Anachedwa, koma anabwera, anandigwira. Ndinalira m'katimo, Rosemary, ndipo palibe anadziwa, poti nkhope ya chinthucho imangoseka. Kenako ana a phwando aja anandikokera ku keke. Nditatembenuka ndinangoona jekete lakuda likutuluka pageti, mwana akuyang'ana m'mbuyo.

17 koloko itakwana ndinathamanga osasamba. Ndinafunsa m'matchalitchi atatu, palibe anawadziwa. M'mawa mwake ndinafika ku siteshoni basi ya ku Chipata itanyamuka kale. Mwana wanga wayenda ulendo wa masiku awiri kudzaona malo a ana, osakwera katungwe, osalawa kanthu.

Mukanandiuza. Ndi zokhazo zimene ndikunena.

Maybin


Mtendere, Lusaka
26 Disembala 1994

Rosemary, mkazi wanga,

Ndikhululukireni. Kalata yanu ya pa 28 Novembala yafika Lachitatu lapitali, ili ndi matope, inki itayenderera. Chidindo cha ku Chipata ndi cha pa 15 Disembala. Kaya lole inatitimira, kaya a Gideon anaiiwala m'thumba, sindikudziwa ndipo zilibenso ntchito. Ndaiwerenga mpaka ndailoweza. Mawu oipa amene ndinakulemberani muwaotche.

Loweruka, kutatsala tsiku limodzi kuti Khirisimasi ikwane, bwalo litadzaza, ndinaima pakati pa madainoso a simenti aja n'kuvula mutu. Ndinaunyamula m'khwapa monga munanenera. Ndinanena mokweza kuti dzina langa ndine Maybin, wa ku Jumbe, atate ake a Chiyanjano. Ndinkayembekeza kuti ana alira. Sanalire n'komwe. Kamtsikana kena kanangondifunsa ngati m'katimo mumatentha. Wojambula uja anatembenuza kamera yake kuyang'ana kumpanda.

Bwana sanakalipe. Anangoti ndisiye chovala m'kachipinda. Dzulo ndinadutsa pamsewu ndipo ndinaona dainoso akuvina monga mwa masiku onse, ana akumukumbatira miyendo.

Tsono ntchito ndilibe, chithunzi ndilibe. Muwauze alamu anga kuti ndavula, ndipo ndikufuna kubwera kudzalima monga ananenera. Ndipepesa pamaso pa mpingo, andiike pa benchi yakumbuyo chaka chathunthu, ndivomera. Ndiyankheni msanga, ndikudikira mawu anu ndisanakwere basi.

Amuna anu,
Maybin


Jumbe
19 Febuluwale 1995

A Maybin,

Moni. Ndikhulupirira muli moyo. Makalata anu awiri anafika tsiku limodzi, pa 20 Januwale, msewu umene mvula inadula utatseguka. Ankhoswe anali atakhala kale pa 8.

Sindikubisirani kanthu. A Onesmus anaimirira n'kunena zimene anaona, osawonjezera. Anati anakuitanani katatu dzina lanu la ubatizo, mwana wanu ali pomwepo, ndipo chinyama sichinayankhe. Ankhoswe a kwanu anabwera mmodzi yekha, ndipo atafunsidwa anangoyang'ana pansi. Ine ndinalankhula mpaka mawu anatha. Ndinaulula kuti ndinakulemberani kalata yokuchenjezani, poganiza kuti zikuthandizani. Zinaipiratu, chifukwa anati ndiye kuti munadziwa ndipo munasankha chinyama.

Makalata anu atafika ndinathamanga nawo kwa a Onesmus. Ndinawaonetsa pamene munalemba za chidindo chija, ndinawawerengera za tsiku limene munavula. Ndinaona kuti zawakhudza. Kenako anafunsa kuti ndani wa kuno anakuonani. Anati munthu wosowa kuchenjezedwa kuti ayankhe mwana wake, kalata singamukonze. Mawu amenewo, Maybin, nanenso amandibwerera ndikamalima.

Ukwati authetsa. Njinga yanu, makasu awiri ndi sutikesi a Gideon anakazitula kwanu ku Chadiza. Musakwere basi yobwera kuno, mudzangochititsidwa manyazi pamsewu. Mudzafunsa kuti bwanji osathawa ndi mwana kukupezani. Ndikadye chiyani ku Mtendere? Amayi sayendanso, ndimawanyamula ndine. Chimanga chili m'munda ndipo njovu zayamba kale kubwera. Ndinakukondani, ndipo ndikadali wokwiya nanu, zonse ziwiri.

Chiyanjano wayamba giredi wani. Ku sukulu amulembetsa dzina la amalume ake. Anzake amamuzungulira kuti awauze za madainoso, ndipo amawauza za a simenti, kutalika kwake, mano ake. Akamufunsa za atate ake amati sanabwere tsiku limenelo.

Sabata yatha tikuchokera kotunga madzi, tili awiri, anaima panjira n'kundiuza motsitsa mawu:

"Amama, chinyama chija chinandifinya dzanja katatu."

Anandiyang'ana, akudikira. Ndinaganiza za mwana woima pamsewu tsiku ndi tsiku kuyang'ana minibasi iliyonse yochokera ku Chipata, chaka chino, chaka chamawa. Ndinamuuza kuti chimatero ndi mwana aliyense.

Anasenza ndowa yake n'kutsogola. Lero popita ku tchalitchi ndinatambasula dzanja kuti ndimugwire, anaika manja ake onse kumbuyo.

Musalembenso pa dzina la a Gladys, amuna awo awasamutsira ku Mambwe.

Ndine,
Rosemary